Lipoti la galu wolondera pa malo ogulitsira matabwa ku Chinamwali

Lipoti ili ndi la galu mmodzi wolondera pa malo ogulitsira matabwa, simenti ndi misomali m'dera la Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Ndalilemba chifukwa nkhani yotereyi ndimakumana nayo kawirikawiri pa ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto: pa zigayo, pa magalaja, pa malo owotcherera zitsulo, ngakhalenso pa nyumba zogona alendo za m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Mwini bizinesi amafuna galu chifukwa cha akuba a usiku, koma kukacha galu yemweyo amamuthamangitsira makasitomala. Mayina a anthu ndi a malowo sindiwatchula. Galuyo dzina lake ndi Taiga.

Malowo ndi zimene zinachitika

Mwini malowa ndi mayi amene anapitiriza bizinesiyi amuna awo atamwalira. Bwalo ndi lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo geti ndi limodzi. Kutsogolo kuli kashopu ka misomali, penti ndi maloko. Kumbuyo kuli shedi ya matabwa a paini ndi chipinda cha simenti. Wofuna matabwa ayenera kudutsa bwalo lonse kuti akasankhe yekha, pakuti palibe mmisiri amene amalipira thabwa asanalitembenuze n'kuona ngati ndi lopindika kapena lili ndi mfundo. Masana pamakhala anyamata awiri ogwira ntchito, usiku pamabwera mlonda.

Taiga ndi galu wamwamuna wa zaka pafupifupi zitatu, wachikuda wosakanizika ndi mtundu waukulu. Anabwera ali mwana, akuba atathyola chipinda cha simenti. Kuyambira pamenepo masana onse ankakhala m'kabokosi ka malata ndi zidutswa za matabwa, kotsekedwa mbali zonse, kamene kanaikidwa m'mbali mwenimweni mwa njira yochoka kushopu kupita kushedi. Aliyense wodutsa ankamva chinthu chikudziwombetsa ku malata ndi kuuwa, koma osachiona.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mnyamata mmodzi anatsegula kabokosiko kuti amuikire madzi. Nthawi yomweyo n'kuti mwana wa zaka pafupifupi 9, amene anatumidwa misomali, akulowa pageti. Galu anatulukira pansi pa mkono wa mnyamatayo, mwana anakuwa n'kuyamba kuthawa, galu anam'tsatira. Mwanayo anagwa pa mulu wa mchenga ndipo mano a galu anam'khadzula pa katumba wa mwendo. Bala silinali lakuya koma linatuluka magazi. Apa m'pamene ndinaitanidwa.

Za mwana poyamba

Ndisanamuyang'ane n'komwe galu, ndinafunsa ngati bala latsukidwa. Anali atangolipukuta ndi nsalu, wina n'kunena kuti athirepo mchere. Tinam'tengera mwanayo pampopi n'kutsuka balalo ndi sopo, madzi akuyenderera, kwa mphindi 15 zathunthu, tikuyang'ana pa foni. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali mwana akulira, ndipo amayi ake, amene anali atafika ali wefuwefu, ankati basi zakwana. Koma kutsuka kumeneku ndi kumene kumachotsa tizilombo tambiri ta chiwewe tisanalowe m'mitsempha, ndiye sitidula.

Kenako ndinapempha khadi ya katemera. Mayi mwini malo anaipeza m'kabati ya malisiti, ndipo inasonyeza kuti Taiga anabayidwa kamodzi kokha ali mwana. Zaka ziwiri zinali zitadutsa osabayidwanso. Sikuti katemera kulibe. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mission Rabies, limene linayamba ntchito yake ku Blantyre mu 2015, lakhala likubaya agalu kwaulere m'boma la Zomba mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto. Chifukwa chake chinali chakuti panalibe munthu wotha kum'gwira galuyu n'kuyenda naye pa chingwe mpaka pa malo obayira. Galu amene wakulira m'bokosi amathawa ngakhale katemera, chifukwa eni ake omwe amamuopa.

Poona kuti bala latuluka magazi ndipo katemera wa galu ndi wakale, mwana anapita kuchipatala tsiku lomwelo ndi kalata yofotokoza za galuyo, n'kuyamba kulandira majakisoni oteteza ku chiwewe. Ndalama za mayendedwe analipira ndi mwini malo, ndipo anachita bwino kusadikira kuti afunsidwe. Achibale ena a mwanayo ankafuna galu aphedwe madzulo omwewo. Ndinawapempha kuti adekhe, ndipo ndinawafotokozera kuti galu amene ali ndi tizilombo ta chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amaonetsa zizindikiro kapena kufa mkati mwa masiku 10. Akaphedwa n'kukwiriridwa, umboni wapita naye. Akasungidwa pamalo otsekedwa n'kumaonedwa tsiku ndi tsiku, banja limadziwa chilungamo chake. Taiga anatha masiku 10 akudya, akumwa madzi, wopanda dovu kapena kufooka kwa miyendo.

Mantha a achibalewo sindiwaona ngati opanda pake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, kuti mpaka 99 mwa 100 alionse amachitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba mwa munthu, pafupifupi aliyense amamwalira. Munthu wa ku Zomba akaona galu wachilendo n'kuima chilili pageti, sikuti ndi wamantha chabe. Ambiri anamvapo kapena kuonapo mmene matendawa amaphera.

Galu mwiniwake

Masiku oyang'anira aja anandipatsa mpata womuona bwino Taiga. Nditasuzumira m'kabokosi masana, mpweya wa mkatimo unali wotentha moti unandiwomba kumaso. Pansi panali ponyowa ndi mkodzo, chitini cha madzi chili chogubuduka. Galu anali atapanikizika pakona, lilime panja, akupuma mofulumira. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amadziziziritsa ndi kupuma kumeneku, ndiye m'bokosi la malata mu Okutobala amakhala pa chiopsezo cha kufa ndi kutentha. Nsonga za makutu zinali zodyeka ndi ntchentche mpaka kuchita zipsera zakuda. M'kati mwa makutu ndi pakati pa zala munali nkhupakupa zokhuta. Usinini unali wotuwa, nthiti zikuwerengeka. Chakudya chake chinali nsima ya gaga kamodzi patsiku, nthawi zina ndi msuzi wotsala.

Chimene ndinachiyang'anitsitsa kwambiri ndi mmene ankachitira munthu akayandikira. Sankabwera kutsogolo makutu ali tcheru, mchira uli m'mwamba, monga amachitira galu wodzidalira amene akuteteza malo ake. Ankabwerera m'mbuyo, mchira ataupinda pakati pa miyendo, akunyambita milomo, mutu atautembenuzira kumbali koma diso lili pa iwe. Ukapitirira kuyandikira m'pamene ankalira chapakhosi, kenako n'kudumpha. Uyu anali galu wamantha, amene anaphunzira kuti njira yokhayo yothamangitsira choopsa ndi mano. Ndipo anaphunzitsidwa ndi malowo. Anyamata onyamula matabwa ankamenya malata a bokosi podutsa, ana a sukulu ankaponya miyala padenga pake kuti amve kuuwa, iye alibe kothawira.

Mayi aja ananena mosabisa kuti anawalangiza ndi anzawo a bizinesi. "Alangizi, anandiuza kuti galu akamaona anthu masana amazolowera, usiku sangalondere. Ena mpaka ankati ndizimuikira chamba m'chakudya, koma zimenezo ndinakana." Maganizo amenewa ndi ofala kwambiri kwathu kuno, ndipo ndimatsutsana nawo ndi mtima wonse. Chamba ndi poizoni kwa galu, chimam'sokoneza mutu ndi kum'fooketsa miyendo. Mdima ndi njala sizipanga mlonda. Ntchito yeniyeni ya galu pa malo ngati awa ndi kumva msanga ndi kuuwa kuti mlonda adzuke ndipo wakuba adziwe kuti wadziwika. Pa ntchito imeneyo pamafunika galu wathanzi, wogona mokwanira masana, wodziwa anthu a pamalopo kuti athe kusiyanitsa mlendo. Galu amene amaopa aliyense amauwa chilichonse, mpaka mlonda amasiya kudzuka.

Makasitomala

Ndinakhala pabenchi ya pashopu m'mawa wina n'kumangoona anthu akulowa. Amayi ena ankaima pageti n'kumakuwa "Odi!" kangapo, osaponda mkati. Yankho la anyamata linali limodzi: "Lowani mayi, ndi wotsekera, saluma." Ena ankalowa koma akuyenda cham'mbali, maso ali pa bokosi, n'kugula msangamsanga osasankha bwino. Ena ankabwerera. Mayi mwini malo sankawaona obwererawo chifukwa kauntala yawo siyang'ana kugeti.

Amene anandiphunzitsa zambiri ndi bambo wina wachikulire, kapitawo wa amisiri omanga nyumba, amene kale ankagula simenti yambiri pamalopa. Tsopano ankangotuma mnyamata, ndipo zinthu zazikulu ankagula kwina. Nditam'peza pa ntchito yake, anandiuza modekha: "Alangizi, ine galu sindimuopa, kumudzi tinali nawo osakira nyama. Koma tsiku lina madzulo anam'tulutsa msanga, anabwera n'kundinunkhiza ndi kundinyambita mkanjo, ine ndikupita kukaswali. Nditadandaula, anyamata anaseka, amvekere akungokusewerani. Kodi ndikanabwereranso kukatani?"

Ku Chinamwali ndi madera ambiri a Zomba Asilamu ndi ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo amatsata chiphunzitso cha Shafi'i. Pa chiphunzitso chimenechi malovu a galu ndi najisi yaikulu, kutanthauza chodetsa chachikulu: pamene akhudza pamayenera kutsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi, munthu asanaswali. Chisilamu chimalola kusunga galu wolondera, woweta ziweto kapena wosakira nyama, ndiye bamboyu sankadandaula kuti pamalopa pali galu. Ankadandaula kuti galu anam'khudza, ndipo eni malo sanaone kuti pali vuto. Kwa munthu wotereyu, kumuuza kuti galu ndi wofatsa sikuthandiza chilichonse, pakuti galu wofatsayo ndi amene amabwera kudzanyambita.

Apa m'pamene ndinawauza mayi aja mfundo imene ndimaiona kuti ndi mutu wa nkhani yonse. Kasitomala sanabwere kudzaphunzira kukonda agalu. Wabwera ndi ndalama yake kudzagula misomali. Kaya akuopa chifukwa analumidwapo ali mwana, kaya ndi chipembedzo, kaya wabereka khanda kumbuyo, si udindo wake kufotokoza, ndipo si udindo wa wogulitsa kum'tsimikizira kuti mantha ake ndi olakwika. Udindo wa mwini malo ndi kukonza bwalo lake kuti munthu alowe, agule ndi kutuluka popanda kukumana ndi galu. Zikatero, funso loti galu amaluma kapena ayi silibweranso pageti.

Zimene tinasintha

Choyamba chinali kuchotsa bokosi lija. Kuseri kwa chipinda cha simenti kuli mtengo wa mango, ndipo kumeneko makasitomala safikako. Tinamangako khola la mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, la mapolo ndi waya wolimba wa mpanda, lalitali mamita 2. Mbali imodzi tinafolera ndi malata n'kuyala udzu pamwamba kuti kusatenthe, ndipo pansi pake tinaika kathandala ka matabwa otsala kuti galu asamagone pa chinyezi nthawi ya dzinja. Mbali yoyang'ana kubwalo tinaitchinga ndi matabwa mpaka m'chiuno, kuti asamaone aliyense wodutsa, koma mbali zina zinakhala za waya kuti mphepo izipita. Zipangizo zambiri zinali za pamalo pomwepo.

Chinthu chimene ndinaumirira ndi zitseko ziwiri. Munthu amatsegula chakunja, n'kulowa m'kakhonde kakang'ono, n'kutseka, kenako n'kutsegula chamkati. Ngozi ya mwana uja inachitika chifukwa pakati pa galu ndi bwalo panali chitseko chimodzi chokha ndi mkono wa mnyamata. Mayi aja poyamba ankaona ngati n'kuwononga matabwa, koma nditawakumbutsa mmene galu anatulukira, sanatsutsenso. Beseni la madzi tinalizika m'tayala lakale kuti lisamagubuduke.

Chachiwiri chinali nthawi. Galu amatuluka geti likatsekedwa ndi loko madzulo, ndipo amalowa m'khola geti lisanatsegulidwe m'mawa. Kiyi wa khola ndi wa geti tinawaika pa mphete imodzi, kuti munthu mmodzi yemweyo achite zonse ziwiri motsatana. Mlonda asanam'tulutse amayamba wazungulira mpanda ndi tochi kuona ngati wina waponya nyama kapena nsima, chifukwa akuba amapha agalu ndi tameki. Sindinawalonjeze kuti galu angaphunzitsidwe kukana chakudya chilichonse cha pansi. Kuzungulira ndi tochi n'kodalirika kuposa pamenepo, komanso galu wokhuta satola zinthu mwaphuma. Chakudya tinachisintha kukhala kawiri patsiku, nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya kapena matemba ophwanyika a kumsika, ndi zotsala za kubutchala zophika. Anabayidwa katemera wa chiwewe masiku 10 aja atatha, anamwa mankhwala a njoka za m'mimba amene azibwereza miyezi itatu iliyonse, ndipo nkhupakupa tinazithana nazo ndi mankhwala oyenera agalu. Ndinawachenjeza kuti asam'sambitse ndi dipi ya ng'ombe yongothira mwa maso, chifukwa ikachuluka imapha.

Chachitatu chinali cha anthu, ndipo ndi chimene chinatenga nthawi. Pageti panali chikwangwani chakale cholembedwa kuti kuno kuli agalu olusa. Tinachichotsa n'kulemba china: "Kuno kuli galu. Masana amakhala m'khola lotseka kuseri. Lowani momasuka." Wakuba akawerenga amadziwabe kuti usiku galu alipo, ndipo kasitomala amadziwa kumene galuyo ali. Munthu wamantha chimene chimam'vuta kwambiri n'kusadziwa kumene galu atulukire.

Anyamata aja tinagwirizana nawo kuti munthu akaima pageti, mmodzi azipita kukam'chingamira, osam'kuwira ali patali. Azinena kumene kuli galu, n'kuyenda naye mpaka kushedi ngati akufuna. Akakana kulowa, matabwa angapo azibwera nawo kugeti kuti asankhire pomwepo, popanda kum'funsa chifukwa. Kuseka kasitomala woopa, kapena kumenya khola, mayi aja anati ndi mlandu wa pantchito. Ana otumidwa azigulira pawindo la shopu loyang'ana kunja, osalowa m'bwalo. Ndinawaphunzitsanso zoyenera kum'kuwira munthu galu atapulumuka mwangozi: aime njii ngati mtengo, manja atawapinda pachifuwa, asam'yang'ane m'maso, asathamange. Akagwa adzipinde n'kuphimba khosi ndi nkhope. Kuthamanga ndi kukuwa n'kumene kumam'dzutsa galu kuti athamangitse.

Taiga nayenso anali ndi zoti aphunzire. Ndinasankha mnyamata mmodzi, yemwe uja anatsegula bokosi, kuti akhale womusamala, chifukwa ndi amene ankaoneka kuti zam'khudza kwambiri. Tinayamba ndi kukhala chapatali ndi khola, chammbali, n'kumaponya bonya mmodzimmodzi osalankhula. Galu atayamba kubwera yekha kuwaya, tinapita pa kolala, kenako chingwe, kenako kuyenda m'bwalo m'mawa geti lisanatsegulidwe. Pambuyo pake tinkapempha munthu wachilendo kuti adutse chapatali, pamtunda umene galu akumuona koma osauma thupi, ndipo nthawi yomweyo ankalandira bonya. Mtundawo tinkauchepetsa pang'onopang'ono. Akauma thupi kapena kulira chapakhosi, tinkadziwa kuti tafulumira, n'kubwerera m'mbuyo.

Pa kulira chapakhosi kumeneku ndinalimbana kwambiri ndi mlonda, amene ankati galu akatero azikwapulidwa. "Achimwene," ndinamuuza, "pamene akulirapo akukuuzani kuti mwayandikira kwambiri. Mukam'menya adzasiya kukuuzani, koma mantha adzakhala alipobe, ndiye tsiku lina adzangoluma mwakachetechete." Ndinawauzanso onse kuti kupukusa mchira sikutanthauza chimwemwe nthawi zonse. Mchira wouma, wokwera, wogwedezeka pang'onopang'ono thupi lonse lili gwa, ndi chenjezo.

Pamene tinasiyana maganizo

Ndinalangiza kuti Taiga athenedwe. Mayi aja anakana, akuti galu wothena amakhala waulesi. Ndinawafotokozera kuti kuthena sikuchotsa kuuwa kapena kumva, ndiponso sindinawanamize kuti kungathetse mantha ake. Phindu lake n'lakuti galu wamkazi wa m'dera akakhala pa nyengo, wamwamuna wosathena amakumba pansi pa mpanda kapena kudumpha, n'kukamenyana ndi agalu oyendayenda, ndipo kumeneko n'kumene chiwewe chimalowera pakhomo. Anamvetsa koma sanasinthe maganizo, ndipo galu ndi wawo. Tinangogwirizana zotseka mpata wa pansi pa geti ndi simenti.

Anafunsanso ngati Taiga atazolowera angamagone pakhonde la shopu masana, monga amachitira agalu a m'malo ena ogona alendo. Apa ndinakana ineyo. Galu amene analumapo mwana chifukwa cha mantha sayenera kuyesedwa pa ana a anthu ena, ngakhale atasintha bwanji. Komanso ngakhale akanakhala wofatsa kuyambira kale, makasitomala a pamalopa akanakhalabe omwewo.

Mmene zilili tsopano

Pofika nthawi yokolola, Taiga anali atanenepa, makutu atapola. Masana ambiri amagona pathandala pake, ndipo munthu wogula kushedi sangadziwe kuti kuseri kuli galu. Mlonda akuti usiku sauwanso chisawawa, ndipo akauwa iye amadzuka. Mnyamata womusamala amatha kum'veka chingwe, kum'tsegula pakamwa ndi kum'chotsa nkhupakupa popanda vuto. Anthu achilendo amawalola kufika pamtunda wa mamita angapo ali pachingwe, koma osam'gwira, ndipo sitikufuna kupitirira pamenepo.

Kapitawo uja anabwereranso mayi aja atapita okha kukam'pepesa ndi kumuuza za khola. Ulendo woyamba anapempha kuliona ali chapatali, anayang'ana zitseko ziwiri zija, kenako anapita kukasankha matabwa. Mwana uja anamaliza majakisoni ake ndipo bala linapola, koma amayi ake samutumanso kumeneko, ndipo mwanayo akaona galu pamsewu amawoloka. Ndinawapempha kuti asam'kakamize.

Zotsala ndi ziwiri. Taiga amalusabe kwambiri akamva njinga yamoto ya kabaza ikuima pageti m'mawa asanalowe m'khola, ndiye tikugwirira ntchito pamenepo ndi njira yomwe ija ya mtunda ndi bonya. Chinanso n'chakuti zonsezi zatsamira pa mnyamata mmodzi, ndipo anyamata a pa malo oterewa sakhalitsa pantchito. Ndapempha mayi aja kuti iwo eni ayambe kum'patsa chakudya cha m'mawa ndi kuyenda naye pachingwe, kuti pa katemera wa chaka chino akapite naye okha. Khadi yake tsopano yapachikidwa pakhoma la shopu, pafupi ndi layisensi ya bizinesi, pamene kasitomala aliyense angaiwerenge.